Maliro Odikira Chisankho

Limbani ndi Tiyamike, za ubwana wanga ku Mchinji ndazidumpha dala. Munazimva mokwanira, ndipo ndikangoziyamba mumayang'anizana n'kundiyankha m'Chingerezi kuti ndinanena kale. Chimene simukuchidziwa ndi chifukwa chake mayi anu, munthu amene anafika pa umanijala wa nyumba yosamalira okalamba, anamalizira ntchito akukankha mabedi m'chipatala mawondo ali otupa. Nthawi imeneyo tinakuuzani kuti kampani yasintha zinthu. Silinali bodza, koma gwero lake linali bwana wanga wa ku Ghana ndi maliro a amayi awo.

Middlesbrough, chaka chimene Tiyamike anayamba sukulu

Unesi ndinayambira pachipatala cha mishoni kwathu, kumene bandeji tinkachita kuchapa n'kuyanika padzuwa. Nditabwera kuno ndinkaganiza kuti kusowa kwa zinthu ndakusiya pabwalo la ndege. Ndinadzinamiza. Ntchito yanga yoyamba inali m'nyumba ya okalamba ku Middlesbrough, nyumba yakale ya njerwa zodetsedwa ndi utsi, mphepo ya kunyanja ikulowa m'mawindo ngati nayonso imalipira lendi. Tsiku lachiwiri ndinapita kukatenga magolovesi, ndinapeza kabati ili yokhoma. Nditafunsa kiyi anandilozera ofesi ya kumapeto kwa khonde.

M'menemo ndi mmene ndinawapeza bwana wa ku Ghana aja. Dzina lawo lenileni sindililemba, ana awo ali konkuno. Ife tinkawatcha a Onarebo, monga amatchulira aphungu a nyumba ya malamulo, dzina limene anawapatsa a Mwale, mayi wa ku Zambia amene ankaphika m'nyumbamo, chifukwa bwanawo ankayenda ngati munthu wosankhidwa kale pamene uphungu anali asanaununkhe n'komwe. Anaphunzira za chuma, anagwirapo ntchito kubanki ku Accra, anabwera kuno kudzawonjezera maphunziro, n'kutsakamira m'kampani ya nyumba za okalamba monga woyang'anira ndalama. Munthu wamfupi, wa suti yosita bwino, nsapato zoti ukhoza kudziyang'anirapo. Nditapempha magolovesi anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Sisita Esinati, manja muli nawo angati?" Ndinati awiri. "Nanga bokosi la dzulo lathera m'manja mwa yani?" Abale inu! Ndinawauza kuti mawa m'mawa abwere adzasinthe okha thewera la nkhalamba ndi manja awo osalalawo, kenako tidzakambirane. Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kundipatsa kiyi. Zonsezi tinkalankhula m'Chingerezi, koma ine ndimazikumbukira m'Chichewa chifukwa mtima ndinkapsa m'Chichewa.

Kuumira kwawo kunali kosasimbika. Hita yotenthetsera m'nyumba ankachita kudzatsitsa okha podutsa m'khonde, ine n'kukweza akangokhota. Sopo, matawulo, tiyi amene, chilichonse chinkafuna mlandu. Koma munthu yemweyo, kumva kuti m'Ghana wina wamwalira ku Newcastle kapena ku Liverpool, ankasiya zonse. M'buti ya galimoto yawo simunkasowa nsalu yakuda ndi yofiira ya pamaliro. Loweruka lililonse anali pamaliro a munthu amene mwina sanamuonepo ali moyo, akupereka chipepeso chonenepa, dzina lawo likulengezedwa pachimkuzamawu. Ndinawafunsa tsiku lina kuti kodi nkhalamba zathuzi zizichita kufa kaye kuti azitsegula chikwama. Anandiyankha mosakwiya n'komwe: "Sisita, inu ndale simuzidziwa. Aliyense wokhala pamaliro paja ali ndi abale kumudzi amene amawatumizira ndalama. Wotumiza ndalama akaimba foni kunena wovotera, amamvedwa. Voti imayambira pamaliro."

Ndisawanamizire. Malipiro sanachedwepo ngakhale mwezi umodzi, ndipo pamene ndinkavutika ndi mapepala oti bambo anu ndi inu mubwere, ndi iwo amene anakhala nane pansi mpaka zinatheka. Ndiye vuto lawo linali limenelo, munthu sunkatha kudana nawo bwinobwino.

Leeds, zaka zimene tinkakhala m'nyumba ya chinyontho ija

Atagula gawo m'kampanimo anatsegula nyumba ina ku Leeds, n'kunditenga kuti ndikhale wachiwiri kwa manijala. Apa ndiye ndinaziona ndale zawo pafupi. Kawiri konse anapita kwawo kukaimira pamapulaimale a chipani chawo, kuti iwo ndi amene adzaimire dera lawo pachisankho, ndipo kawiri konse anagwa chagada. Akapita ankatha miyezi, koma nyumba ankaiyendetsabe pafoni. Foni ikulira, ine ndili pakati posambitsa munthu, kuyankha kumva ng'oma ndi malipenga kumbuyo, iwo akukuwa: "Sisita! Amagetsi aja musawalipire, anawonjezera dala!" Ndiye pobwerako amabwera atawonda, makosi a malaya akuchita kulendewera, kuumira kutawirikiza. Tinkadziwa ndithu kuti a Onarebo akaluza, masikono a tiyi wa masana asowa mpaka Khirisimasi.

Ataluza kachiwiri ndinawauza mosabisa kuti, "Bwana, bwanji osangokhala? Ntchito muli nayo, ana akuphunzira bwino. Anthu akukanani kawiri." Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati kumudzi kwawo mlatho umakokoloka chaka chilichonse, ndalama zake zimatuluka chaka chilichonse, ndipo iwo akudziwa pamene zimalowera chifukwa anagwira kubanki. "Ndikangolowa m'nyumba ya malamulo muja, aliyense adzafotokoza khobidi lililonse." Ndinawakhulupirira. Munthu amene ankandizenga mlandu wa magolovesi sakanalephera kuzenga nduna. Koma ndinaonanso kuti chinthuchi chinawalowa m'magazi, moti china chilichonse pamoyo wawo ankachiyeza ndi funso limodzi loti chithandiza bwanji pachisankho.

Salford, Limbani ali chaka choyamba ku yunivesite

Ku Salford ndi kumene anandipatsa umanijala, ndipo ndi kumene anabweretsa amayi awo. Tonse tinkawatcha a Maame, ndiye kuti amayi m'chilankhulo chawo. Anali atagwa sitiroko, mbali imodzi yosagwira, koma pakamwa pali pabwinobwino. Moyo wawo wonse anagulitsa nsalu mumsika, ndipo Chingerezi chawo chinali cha mumsika momwemo, chachifupi ndi cholasa. Ankandiitana kuti mwana wanga wa ku Malawi. Ngakhale ndinali manijala, m'mawa ndinkapita ndekha kukawadzoza mafuta kumapazi, chifukwa atsikana ena ankawathamangitsa ati manja awo ndi ozizira. Kuzizira ndiye kunali mdani wawo. Majuzi awiri, mpango, bulangete pamiyendo, mwezi wa chilimwe umene azungu akuyenda osavala malaya. Mwana wawo akadutsa n'kutsitsa hita, ankamutukwana m'chilankhulo chawo mpaka akweze yekha, ine kumbali mtima uli mbee.

M'mawa wina ndikuwadzoza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga wa ku Malawi, ndikafa usalole andisunge m'furiji." Ndinaseka, ndinati a Maame musayambe zimenezo kusanache bwino. Sanaseke. Anandifotokozera kuti kwawo maliro a munthu wamkulu sathamangira. Thupi limakhala kumochale miyezi, nthawi zina chaka, abale akusonkha, akupenta nyumba, akusoketsa nsalu, akudikira ana a kunja. Mkulu wawo wa bere limodzi anasungidwa choncho kupitirira chaka. "Tsiku lomutulutsa ndinapita kukamuveka. Sanali iye. Nkhope yakuda bii, youma ngati chikuni. Ndinalira mlendo." Kenako anati, "Ndazizidwa mokwanira m'dziko lino. Andipititse kwathu msanga, andiike m'dothi lotentha." Ndinati nanga bwanji osamuuza mwana wanu. Anati, "Ndinamuuza. Amaseka n'kuyankha foni." Sanandiuze kamodzi kokha. Ankabwereza mpaka ndinalonjeza, kulonjeza kwake kongofuna kuti nkhalamba idye phala.

Anamwalira masamba atangoyamba kuyoyoka m'mitengo, masana, ine ndili pambali pawo. A Onarebo analira ngati mwana, ndipo kulirako kunali koona. Koma patangopita masiku ochepa anandiitana mu ofesi n'kundiuza, maso ali ofiira, kuti maliro adzachitika chaka chamawa, mwezi wa mapulaimale utayandikira. Pakati pakepo panali nyengo yonse yozizira ndi theka la chilimwe. Anali atafunsa kale ndi mitengo yomwe, mochale wa kuno ndi wa kwawo, kuti wotchipa ndi uti. Ndinawauza mawu a amayi awo monga anandiuzira. Anapukusa mutu. "Sisita, amayi ankalankhula zambiri. Inu mukuona ngati ndikuwanyoza, koma ndikuwalemekeza. Kudzabwera mafumu, kudzabwera nthumwi zonse zovota, dera lonse lidzadziwa kuti kunali mayi. Ndikawaika mwakachetechete ngati nkhuku, anthu adzati munthu wolephera kuika amayi ake angasamale dera? Iyi ndi nthawi yanga yomaliza." Ndinati, "Ndiye a Maame akhale m'furiji kudikira mavoti?" Anavala magalasi n'kunena kuti nkhaniyi ndi ya banja, ndipo ine ndibwerere kuntchito.

Kunyumba bambo anu anagwirizana nawo. "Esinati, maliro ndi a eni ake. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Nyumba ino sitinamalize kugula, mwana ali ku yunivesite, iwe ukufuna ukalimbane ndi mwambo wa anthu a dziko lina?" Ankanena zoona, n'chifukwa chake ndinakwiya kwambiri. Ndinayesa kuzisiya. Koma ndikatsegula furiji ya kukhitchini kutenga mkaka, kamphepo kaja kakandiomba kumaso, chakudya chinkandikanika. Kwathu munthu akamwalira lero, mawa kapena mkuja tamuika, ndipo mawu amene wasiya sitiwakhalira. Ine ndinali nditawakhalira.

Chimene chinandipatsa njira ndi ichi. A Maame anali ndi mlongo wawo ku Leeds, mkulu wina amene anapuma ntchito yoyendetsa takisi, amene ankabwera pabasi Lamlungu kudzawaona. Onse ankawatcha a Wofa, ndiye kuti amalume. Pocheza ndi a Maame ndinali nditadziwa kuti mtundu wawo uli ngati ife Achewa, mbumba imatsata kuchikazi. Mwana, kaya akhale ndi madigiri angati, maliro a amayi ake si ake. Mwini mbumba ndi mlongo wa malemu. Ndinangoti, ohoo, bwana wanga uja akulamula pamunda wa eni.

Sabata itatha anachita mwambo wawo wokumana kulengeza tsiku la maliro, muholo ya tchalitchi china ku Salford komweko, Loweruka masana. Ine anandiitana monga wosamalira malemu. Holo yodzaza, nsalu zakuda ndi zofiira, anthu akupereka moni pamzere. Ndinavala chitenje changa ndi duku. A Wofa anakhala kutsogolo pakati pa akuluakulu, ndipo zinkaoneka kuti tsikulo anali atauzidwa kale n'kuvomera. Wolengeza ataimirira, miyendo yanga inanyamuka yokha. Ndinapita kutsogolo n'kugwada pamaso pa a Wofa, monga ndikanachitira kwa amalume anga ku Mchinji. Ndinati, "Pepani akuluakulu, ine ndine mlendo, mwambo wanu sindiudziwa ndipo sindikuunyoza. Koma malemu anandisiyira mawu, ndipo kwathu mawu a malemu timatula kwa mwini mbumba. Ndikatula, zotsalazo ndi zanu." Ndinanena zonse, za mkulu wawo, za nkhope ija, za dothi lotentha. Mayi wina kumbuyo anayamba kulira mokweza.

A Wofa anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo uja. "Unauzidwa zimenezi?" A Onarebo anati amayi ankalankhula zambiri. Basi, pamenepo ndiye panaphulika. Mkulu uja anaimirira n'kuyamba kukhuthula za zaka makumi awiri: kuti mlongo wawo anabweretsedwa kuno iwo osafunsidwa, kuti anaikidwa m'nyumba ya okalamba ngati alibe abale, kuti paukwati wa mwana wa a Onarebo anakhazikidwa tebulo la kukhomo pafupi ndi zimbudzi. Anayamba m'Chingerezi, n'kulowa m'chilankhulo chawo, ena akuwagwira, ena akuwathira moto. Za a Maame zinatchulidwa mwa apo ndi apo. Ine nthawi yonseyi ndili chogwada pasimenti, palibe wondiuza kuti dzukani, mawondo akuyaka. Ndinazindikira ndili pomwepo kuti mkuluyu anali akufunafuna ndodo kwa zaka zambiri, ndipo ine ndinali nditamupatsa. Komabe pomaliza analamula kuti mapepala akangotheka thupi linyamuke, ndipo mlongo wawo aikidwe Khirisimasi isanafike. Zinachitikadi momwemo.

Chipatala cha boma, mpaka kupuma

A Onarebo sanandikalipire. Bola akanakalipa. Lolemba anandipatsa moni ponditchula dzina la bambo anu, za Sisita Esinati zitatha. Maliro anakachitika, ndipo pa zithunzi zimene ndinaona anthu anali ochuluka kuposa msonkhano uliwonse umene ndinauonapo kwathu, koma iwo ankati anali maliro a mmphawi. Chaka chotsatira analuza mapulaimale kachitatu, ndipo sanachite kufunsa kuti wawalodza ndani. Atabwerako anandiuza mwaulemu kwambiri kuti kampani yaphatikiza maudindo, umanijala wa ku Salford watha, koma malo alipo ku Middlesbrough ngati ndikufuna. Tiyamike anali pafupi kulemba mayeso, bambo anu ntchito yawo ili ku Manchester. A Onarebo ankadziwa kuti sindingapite. Anzanga anati ndikasume, mwina ndikanawina, koma ndinali nditatopa nawo munthuyo mpaka m'mafupa. Ndinatula pansi.

Ndinalowa m'chipatala cha boma ngati nesi wamba, pamsinkhu woti anzanga akusankha mipando yofewa. Mabwana anga anali ana oti ndikanawabereka. Mashifiti aatali, anthu ochepa, odwala m'makonde. Galimoto yachiwiri tinagulitsa, ulendo wa kumudzi tinauimika zaka zingapo, ndipo bambo anu, Mulungu awadalitse, sananenepo kuti ndinakuuza, ankangopumira m'mwamba mokweza kuti ndimve. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi chakuti a Wofa sanandiimbirepo foni ngakhale ya zikomo. A Mwale okha ndi amene anaimba kuchokera ku Middlesbrough, n'kunena m'Chinyanja chawo chija kuti, "Mwachita bwino, koma ndimwe opusa."

Ndiye tamverani izi. Ulendo wachinayi, wopanda maliro alionse, a Onarebo anawina. Anawina mapulaimale, anawina chisankho, analowa m'nyumba ya malamulo, anawaika m'komiti yoona za chuma cha boma. Ndinaona pafoni akufunsa nduna ina mafunso, atavula magalasi chimodzimodzi, nduna ikuchita thukuta. Ndinaseka ndekha m'chipinda chopumira mpaka anzanga anadabwa. Mlatho uja akuti anamangadi. Koma chisankho chotsatira anthu anawagwetsa, ati phungu wanji wosagawa kanthu, woti ukapita kwawo ndi vuto amakufunsa malisiti.

Chaka chatha

Ndinali m'thiramu, sitima yoyenda mumzinda ija, kuchokera kokaonetsa mawondo, kunja kukuwaza kamvula. Mkulu wina wa ndodo anakwera n'kukhala moyang'anizana nane. Ndinayamba kuzindikira nsapato. Suti inali itawakulira, tsitsi lonse mbuu, dzanja limodzi likunjenjemera. Anati anabwerera kuno kwa ana awo chifukwa cha matenda. Tinafunsana za ana, za a Mwale, za a Wofa amene anati anatisiya kale. Ine ndinkangoyang'ana pawindo kuwerengera potsikira, chifukwa mkwiyo umene ndinkayesa kuti unatha unali utadzuka wonse.

Kenako anati, "Sisita Esinati, amayi ananenadi zija?" Ndinati ananena, osati kamodzi. "Anati chiyani kwenikweni? Tsiku lija sindinamve, ndinkangomva manyazi." Ndinawauzanso, mawu ndi mawu, m'thiramu modzaza anthu. Pofika pa dothi lotentha anatulutsa kansalu n'kubisa nkhope. Mtima wanga unayamba kufewa, ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja. Ndiye anadzutsa mutu n'kunena kuti mwana wawo wamkulu wayamba kulankhula zodzaimira dera lomwe lija, ndipo wanena kale kuti maliro a bambo ake adzakhala oti dziko lonse lidzamve. "Sisita, inu mumatha kulankhula pagulu. Tsiku langa likadzafika, mudzapite mukawauze kuti asandisunge."

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Koma anthu ena! Ndinati, "Bwana, pakamwa muli napo, ana anu ali moyo, foni ili m'thumba mwanumo. Auzeni lero, ndipo akaseka muwalande foniyo mubwerezenso. Ine ntchito inandithera kamodzi chifukwa cha maliro a kwanu, ndipo mawondo ogwadira ndilibenso." Thiramu inaima, ndinatsika. Nditacheuka ndinawaona pawindo akufufuza m'thumba la jekete ndi dzanja lonjenjemera lija, foni ikukanika kutuluka.